Galimoto yakale: yambani pansi, penti pambuyo

Ambiri akagula galimoto yakale amathamangira penti, pamene vuto lenileni lili pansi. Dzimbiri limakonda malo osunga madzi ndi matope: m'munsi mwa zitseko, popondera mapazi, mozungulira matayala, komanso pomwe masipulingi ndi mashoko amagwirira ku bodi. Malo omalizawa ndiwo oopsa, chifukwa shoko yatsopano yomangidwa pachitsulo chowola ilibe ntchito.

Kuti mupeze pobisika powola, kulungani kamaginito kofooka m'kansalu, muzikayendetsa pabodi. Pamene kakukana kugwira, dziwani kuti wina anamatapo fila (phala lomata pabodi kuti pasalale) wokhuthala. Kunsi gogodani ndi sikuludiraiva. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimangoti phwa n'kubooka.

Chowola chimadulidwa, sichimatidwa. Dulani mpaka mufike pachitsulo choyera. Koma musanadule m'munsi mwa zitseko, wotchererani zitsulo zopingasa pamakomo a galimotoyo kuti bodi isapindike, apo ayi zitseko sizidzatsekanso bwino. Malata a bodi amakhala a mamilimita pafupifupi 0.8 mpaka 1, choncho chigamba chikhale chofanana nawo. Powotcherera musakoke mzere umodzi wautali. Dontho apa, dontho patali, dikirani pazizire, kenako mudzaze mipata. Kutentha kukachuluka lata limachita mafunde, ndipo mafundewo ndi amene amakopa anthu kumata fila wambiri. Fila asapitirire mamilimita 3; wokhuthala amasweka. Chitsulo choyera musachigoneke masiku, chipakeni epoxy primer (penti woyambirira woteteza ku dzimbiri) msanga.

Tsopano kumiyendo ya galimoto, komwe kuli mabushi, mashoko ndi masipulingi. Mabushi a labala, omwe amakhala polumikizira zitsulo za kumiyendo, amauma ndi zaka ngakhale galimoto itangoima, ndiye sinthani onse. Mashoko ndi masipulingi amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere. Sipulingi yozungulira musaimasule popanda chida choipanira: ikafwamphuka imathyola dzanja.

Pali cholakwa china chimene ngakhale amakaniko ozolowera amachita. Amamangitsa mabawuti a mabushi galimoto ili pajeki, matayala akulendewera. Ikatsitsidwa, labala imapotoka n'kukhala yopotoka choncho, ndipo posakhalitsa imang'ambika. Mabawutiwo amangeni pang'ono chabe, tsitsani galimoto ikhale pamatayala ake, igwedezeni kangapo, kenako mumangitse ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pamlingo umene buku la galimotoyo likunena. Mukatero ipititseni ku alignment (kowongola matayala kuti aziloza bwino) musanaiyendetse ulendo wautali, kuti matayala atsopano asadyeke mbali imodzi.