Ntchito ya sizoni m'minda ya nzimbe: mafunso ndi mayankho

Fakitale ya shuga ya ku Nchalo ikayamba kugaya, anthu ochokera ku Ngabu, Bangula, Chikwawa ndi madera ena amalembedwa ntchito ya sizoni, mvula ikayandikira n'kubwerera kukalima kwawo. Ambiri amaganiza kuti poti iwo ndi "a sizoni", lamulo la Employment Act la 2000 siliwakhudza. Limawakhudza ndithu.

Ndadula nzimbe masizoni 6 kwa bwana mmodzi, koma chaka chilichonse ndimasaina kontrakiti yatsopano. Kodi zaka zanga zikuwerengedwa?

Inde. Gawo 43 la lamuloli limati ngati ntchito ndi ya nyengo, ndipo munthu walembedwa masizoni otsatizana ndi bwana yemweyo, nthawi yonse imene wagwira imaphatikizidwa ngati sinadukepo. Kungoti amawerenga miyezi imene munagwiradi, osati zaka za pa kalendala. Ngati sizoni iliyonse munkagwira miyezi 8, masizoni 6 ndi miyezi 48, kutanthauza zaka zinayi.

Msampha uli pa mawu akuti "bwana yemweyo". Bwana wanu ndi amene anakulembani ndipo amakulipirani. Ngati chaka chino muli kwa kontrakitala uyu, chamawa kwa wina, munda ungakhale womwewo koma mabwana ndi awiri. Ndiye musanasaine, werengani dzina lili pamwamba pa pepalalo. Ndipo makontrakiti ndi mapepala a malipiro muziwakulunga m'pulasitiki n'kuwaika pamwamba. Kuno ku chigwa cha Shire tikudziwa zimene madzi a 2015 ndi namondwe Ana mu 2022 anachita m'nyumba zathu; mlandu wa kuntchito wopanda pepala umasanduka mkangano wa mawu anu ndi a bwana.

Nanga zakazo zindithandiza chiyani?

Makamaka pa ndalama ya severance allowance, yomwe bwana amapereka kwa wantchito pomuchotsa ntchito. Imeneyi saperekera kungoti sizoni yatha pa tsiku lomwe munagwirizana ayi. Imabwera kampani ikachepetsa antchito, kapena mukachotsedwa mopanda chilungamo, bola mwakwanitsa chaka. Pa zaka zisanu zoyamba mumalandira malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chathunthu. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, milungu itatu. Kupitirira pamenepo, milungu inayi. Munthu wa zaka zinayi uja ndiye angalandire malipiro a milungu 8.

Kapitawo wangondiuza kuti "usabwerenso mawa". Ndichite chiyani?

Pakati pa kontrakiti munthu sachotsedwa ndi pakamwa pokha chonchi. Pafunika chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe lanu kapena kagwiridwe ka ntchito, muyenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Pitani ku leba, pa boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku lomwe munachotsedwa. Anthu ambiri amaluza pomwepa: amadikira kuti mwina bwana asintha maganizo, mwina adzawaitananso sizoni ikubwerayo, miyezi n'kumapita. A leba akalephera kukugwirizanitsani pakatha mwezi, nkhani ingapite ku khoti la Industrial Relations Court ku Blantyre. Kumeneko amene ayenera kuonetsa chifukwa chokuchotserani ndi bwana, osati inu.

Timalawirira usikuusiku kuthawa dzuwa, nthawi zina mpaka Lamulungu. Ovataimu imayenda bwanji?

Maola a ntchito sayenera kupitirira 48 pa mlungu. Owonjezera pa tsiku wamba amalipidwa kamodzi ndi theka poyerekeza ndi malipiro a ola wamba. Mukagwira tsiku lanu lopuma kapena la tchuthi cha boma, kawiri. Palinso malipiro ochepetsetsa omwe boma limakhazikitsa ndi kumawakweza nthawi ndi nthawi, monga mu 2024 pamene anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. A leba amakhala ndi chiwerengero chomwe chikugwira ntchito panopa.

Ndadzitema ndi chikwanje ndili m'munda. Ndi tsoka langa basi?

Ayi. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limaika udindo wa chipepeso pa bwana ngati ngozi yachitika mukugwira ntchito yake. Nenani tsiku lomwelo kuti zilembedwe, ndipo sungani kalata ya kuchipatala.

Ndikalowa yuniyoni sadzandisiya sizoni ya mawa?

Mantha amenewa ndi enieni, chifukwa wa sizoni sachita kuchotsedwa, amangosiyidwa osaitanidwa. Komabe lamulo la Labour Relations Act la 1996 limapereka ufulu wolowa yuniyoni, ndipo kusala munthu pa kalembedwe ka ntchito kapena kumuchotsa chifukwa cha umembala n'kulakwira lamulo. M'minda ya nzimbe muli yuniyoni ya SPAWUM (Sugar Plantation and Allied Workers Union of Malawi), ndipo likulu la mayuniyoni m'dziko muno ndi MCTU (Malawi Congress of Trade Unions). Yuniyoni ikakhala ndi mamembala okwana 20 pa antchito 100 alionse omwe ikufuna kuwaimira, bwana ayenera kukhala nayo pansi kukambirana za malipiro. Kwa ine, apa ndi pomwe wodula nzimbe ali ndi mphamvu, chifukwa kukula kwa ndime ndi mtengo wake si zinthu zoti munthu mmodzi angakakambirane yekha ndi kampani.

Nanga sitalaka tingangoyamba tikakwiya?

Ayi, ili ndi njira yake. Mkangano umayamba wakanenedwa ku unduna wa zantchito, womwe umakhala ndi masiku 21 oyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika, pamaperekedwa notisi ya masiku 7. Dziwaninso kuti chisinthireni lamulo mu 2021, bwana ali ndi chilolezo chodula malipiro a masiku a sitalaka opitirira atatu pa chaka.