Kupeza radius mutapatsidwa area ya sector ndi angle yake

Funso la sector limagwetsa ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MANEB kuno ku Mzuzu, makamaka likabwera chobwerera: akupatsani area ndi angle, n'kukuuzani kuti mupeze radius.

Kodi sector n'chiyani?

Ndi chidutswa cha circle chodulidwa ndi mizere iwiri yochokera pakati penipeni kukafika m'mphepete. Utali wa mzere uliwonse ndiye radius, mpata wa pakati pa mizere iwiriyo ndiye angle, ndipo circle yonse ili ndi madigiri 360.

Formula yake ndi iti?

Area ya sector (A), kutanthauza kukula kwa malo ake, = θ/360 × πr², pomwe θ ndi angle, r ndi radius, ndipo π ndi nambala ya pafupifupi 22/7. Mukaitembenuza mupeza r = √(360A ÷ πθ). Koma ine sindilimbikitsa kuloweza yachiwiriyi, chifukwa m'chipinda cha mayeso ambiri amasokoneza zokhala pamwamba ndi zokhala pansi. Njira yodalirika ndi kukwaniritsa kaye circle yonse, kenako n'kufuna radius.

Kukwaniritsa circle kumatheka bwanji?

Tinene kuti munthu wina ku Luwinga wamangirira mbuzi pakona ya mpanda, chakumkati. Konayo ndi ya madigiri 90, ndipo mbuzi yadya udzu pamalo okula 38.5 m². Chingwe chake n'chotalika bwanji?

Chingwe ndiye radius. Madigiri 90 amalowa kanayi mu 360, choncho mbuziyo ikanakhala pamtetete ikanadya 38.5 × 4 = 154 m². Imeneyi ndiye πr². Gawani 154 ndi 22/7, kutanthauza 154 × 7 ÷ 22, mupeza 49. Square root ya 49 ndi 7, ndiye kuti chingwe ndi cha mamita 7.

Tsopano imasuleni mukaimangirire kunja kwa kona yomweyo. Mpanda ukutseka madigiri 90 okha, mbuzi ikuyenda m'madigiri 270, ndipo ndi chingwe chomwecho idya 115.5 m² (bola mbali zonse za mpanda zikhale zotalika kuposa chingwe, apo ayi idzakhota pakona ina, nkhani n'kusintha). Wofunsa akakupatsani 115.5 ndi 270, chulukitsani ndi 360 n'kugawa ndi 270. Mubwerera pa 154 yemwe uja.

Nanga angle ikakhala yosalowa bwino mu 360?

Palibe chosintha. Kaya ndi madigiri 35 kaya 140, ndi area × 360 ÷ angle basi.

Ndigwiritse ntchito 22/7 kapena 3.142?

Tsatani zimene funso lanena. Zonse ziwiri n'zongoyandikira π weniweni. Mukagawa 154 ndi 3.142 mupeza pafupifupi 49.01, yankho n'kukhalabe mamita 7 mukalifupikitsa.

Bwanji angle akaipereka m'ma radian, muyeso wina wa angle m'malo mwa madigiri?

Zimenezi mukumana nazo kwambiri mukafika ku Mzuni (Mzuzu University). Circle yonse ndi ma radian 2π, choncho formula imafupika kukhala A = ½r²θ. Area ikakhala 25 cm², angle n'kukhala ma radian 2, r² = 2 × 25 ÷ 2 = 25, ndipo radius ndi 5 cm. Musaphatikizemo 360 muno.

Malikisi amatayika pati kawirikawiri?

Pa square root. Munthu wavutika mpaka kupeza 49, n'kulemba mzere pansi pake ngati wamaliza, pamene 49 ndi r². Enanso amalemba yankho mu m², kuiwala kuti radius ndi utali chabe, umayezedwa mu m kapena cm. Mukapeza yankho libwezereni mu formula yoyamba ija: 90/360 × 22/7 × 7 × 7 ikupereka 38.5.