Gunbuster: nthabwala zobwereka, misozi yeniyeni

Amene amangoonera gawo loyamba la Gunbuster, katuni wa ku Japan wa magawo 6 amene kampani ya Gainax inayamba kutulutsa mu 1988, amaganiza kuti ndi nthabwala basi. Atsikana a sukulu ya ku Okinawa akuphunzira kuyendetsa maloboti akuluakulu, ndipo malobotiwo akudumpha chingwe ndi kuchita mapushapu ngati osewera mpira. Dzina lake la Chijapanizi, Top wo Nerae!, likuseka Ace wo Nerae!, nkhani ya atsikana osewera tenisi, komanso filimu ya Top Gun. Mphunzitsi wawo waukali wa magalasi akuda, ndi Kazumi, mtsikana wamkulu amene mwininkhani Noriko amamusirira, onsewo anatengedwa ku Ace wo Nerae!

Koma wotsogolera Hideaki Anno ndi anzake anali anthu owerenga mabuku a nthano za sayansi, ndipo izi zimaonekera pa mitu ya magawo. Wa gawo lachisanu unachokera ku dzina la Chijapanizi la buku la Robert Heinlein, Time Enough for Love. Wa gawo lomaliza unachokera ku Hateshinaki Nagare no Hate ni, buku la Sakyo Komatsu la mu 1966, lomwe tanthauzo lake ndi mapeto a mtsinje wosatha. M'bukulo mwamuna amasowa n'kumayendayenda m'nyengo zotalikirana kwambiri, mkazi wake wapamtima n'kutsala akudikira mpaka kukalamba.

Apa m'pamene pali luso. Kubwereka mutu n'kosavuta, ndipo akatuni ambiri amathera pomwepo: wodziwa bukulo amamwetulira, wosalidziwa sataya kanthu. Gunbuster inabwereka ululu wa kudikira uja n'kuupatsa masamu. Chombo chikamathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, nthawi ya m'katimo imachedwa. Pa liwiro la 99 peresenti, chaka chimodzi m'chombo ndi zaka pafupifupi 7 padziko. Ajapani amachitcha ichi ndi dzina la Urashima, msodzi wa m'nthano yawo amene anakacheza pansi pa nyanja, pobwerako n'kupeza kuti kumudzi kwadutsa zaka mazana. Choncho Noriko akabwera pa chombo kuchokera kunkhondo ya m'mlengalenga akadali mtsikana, amapeza mnzake wa m'kalasi Kimiko ali kale mayi wa mwana.

Kuseka kwa poyamba kuja ndiye nyambo. Woonera amazolowera anthuwa asanadziteteze, ndiye nkhani ikalemera alibe kothawira. Zikanayamba ndi masamu, ambiri akanazimitsa.

Gawo lomaliza linajambulidwa pafupifupi lonse popanda mitundu, lakuda ndi loyera lokha. Noriko ndi Kazumi amaphulitsa bomba lopangidwa ndi pulaneti la Jupiter pakati pa mlalang'amba, n'kubwerera kwawo patapita zaka 12,000. Dziko lili zii, mdima wokhawokha. Kenako magetsi amayaka n'kulemba mawu oti Okaerinasai, kutanthauza kuti takulandirani kwanu, koma chilembo chomaliza chili chotembenuka, poti olembawo ankangokopera zilembo zimene anasiya kale kuziwerenga.