Bodi sinapse, lekani kuifulasha

Ndatopa kumva mawu akuti "bodi yapsa", kunena kathabwa ka zamagetsi komwe kamayendetsa makina. Makina akangokana kudzuka magetsi atabwera, chigamulo n'chomwecho, kenako aitana mnyamata wokonza mafoni kuti adzaifulashe, ndiye kuti kuilembera mafayilo ena. Abwana a m'mafakitale a tiyi ndi makadamiya kuno ku Thyolo, taimani kaye.

Makina ambiri amakono, monga osankha mtedza pogwiritsa ntchito kamera, ali ndi chipu chotchedwa FPGA. Kampani ya Xilinx inatulutsa choyamba mu 1985. Njira za magetsi za m'kati mwake sizimangidwiratu kufakitale. Zimalukidwa makina akamayaka, kuchokera mufayilo yotchedwa bitstream, ndipo mitundu yambiri ya FPGA imaiwala zonse magetsi akangothima. Fayilo ija ikasowa, chipu chimakhala chabwinobwino koma chopanda kanthu.

Chimene ambiri sachimvetsa ndi ichi. Kernel ya Linux, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa bodi, siona yokha zomwe zalukidwa mu FPGA. Imadalira ndandanda yotchedwa device tree, yonena kuti pa adilesi yakuti pali cholandira zithunzi za kamera, pakuti pali chotsegula mavavu a mpweya. Chipangizo chomwe chimatha kusintha thupi lero ndi mawa n'chovuta kwa kernel, n'chifukwa chake kuyambira Linux 4.4, mu 2016, muli FPGA Manager, ndipo pambuyo pake anawonjezera FPGA region ndi FPGA bridge, zoti zizitseka njira pamene chipu chikulukidwa. Bitstream ndi device tree ziyenera kugwirizana ndendende. Pa chipu ngati Zynq-7000, purosesa ikafunsa pa adilesi yomwe bitstream sinamangepo kanthu, imatha kudikira yankho mpaka kalekale, ngati munthu wopanga odi pabwinja. Makina onse amauma pomwepo.

Pali makina ena osankha makadamiya omwe amandiwawabe mumtima. Kwa masabata angapo ankayaka mwa apo ndi apo, mpaka atazimitsa n'kuyatsanso. Chinali chizindikiro choti kakhadi ka SD kosunga mafayilo monga bitstream ndi device tree kakutha, chifukwa magetsi akathima kakulemba, mafayilo amatha kuwonongeka. Palibe ananena. Tsiku lomwe anakaniratu, kunabwera "katswiri" wina. Anakopera mafayilo a makina ena a mtundu watsopano n'kuwalemba pamwamba pa kakhadi kakale, komwe kanali kokhako. Sikirini inayaka, kenako zii. Iye anati chipu chafa, n'kuchiwomba ndi mpweya wotentha mpaka bodi kupindika, timiyendo ta pansi pa chipu kusungunukirana. Bodi inandipeza ikununkha utsi. Vuto loyamba linali la kakhadi kotchipa kuposa thumba la fetereza. Amayi ogwira ntchito pafakitalepo anabwerera posankha mtedza ndi manja nyengo yonse, msana uli wowerama, uku tikudikira bodi ina kuchokera kunja.

Wokonza mafoni sindikumunyoza, ntchito yake amaidziwa. Koma mafayilo a foni amapezeka pa intaneti, pamene bitstream ya makina anu ili ndi amene anawapanga okha, ndipo ena mwa iwo amachedwa kuyankha kapena anasiya kalekale kupanga mtunduwo.

Makina akadali bwino, pezani wodziwa akopere kakhadi konse, osati mafayilo ongooneka okha, ndipo alembepo nambala ya makinawo. Bodi ikhale pa UPS, chipangizo cha batire chopereka mphamvu magetsi akathima. Akayamba kudzuka movutikira, itanani amisiri sabata yomweyo. Munthu akatulutsa chowotchera asanalumikize bodi ku kompyuta ndi waya wa serial n'kuwerenga zomwe kernel ikulemba poyaka, mulandeni bodiyo.