Kuchezera usiku ndi khunyu sizigwirizana

"Anakhala bwinobwino chaka chonse, wagwanso bwanji? Alipo wamuchita chipongwe." Mawu amenewa atikwana kuchipatala. Ukafunsitsa umapeza kuti wodwalayo anachezera pamaliro, kapena anamwa mowa dzulo lake, kapena mapiritsi anatha sabata yatha osakatenga ena.

Ubongo uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni otchedwa manyuroni, omwe amatumizirana mauthenga ndi timagetsi. Munthu akakhala maso, maselowa amayaka lililonse pa nthawi yake. Akangotseka maso n'kupuma, makina a EEG, oyeza timagetsi ta mu ubongo, amaonetsa mafunde 8 mpaka 12 pa sekondi. Mu tulo tofa nato mafundewo amatsika osafikanso 4, chifukwa maselo ayamba kuyakira pamodzi n'kuzimira pamodzi. Palibe cholakwika apa. Koma khunyu nayo ndi maselo ambirimbiri kuyakira limodzi mopyola muyezo, n'chifukwa chake ena amagwa tulo tikungowatenga, ena atangodzuka m'mawa.

Usiku umodzi wosagona umasiya maselowa ngati udzu wa mu Okutobala: kamoto kochepa kokha, tchire lonse lapsa. Mowa ukamatha m'thupi zimakhalanso choncho, kutentha thupi ndi shuga kutsika chimodzimodzi.

Chowawa kwambiri ndi wodwala amene mankhwala a khunyu a phenobarbitone kapena carbamazepine anamugwira bwino, kenaka wina n'kumuuza kuti wachira, ataye mankhwala, akachezere ku mapemphero. Apa mwachotsa mabuleki mwadzidzidzi, n'kumumananso tulo. M'mawa agwa pamoto akuphika phala, abale n'kungoima chapatali poopa malovu. Malovu sapatsira khunyu! Mukokeni pamotopo, mugoneke chammbali, mumasule zovala pakhosi. Supuni, nsalu kapena zala m'kamwa ayi. Lilime sangalimeze, mungomuthyola mano. Madzi kapena mankhwala a zitsamba musamumwetse asanatsitsimuke, amakalowa m'mapapo.

Yang'anani wotchi. Akaphiriphitha kupyola mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala osadzera kwa sing'anga, chifukwa maselo akayaka nthawi yaitali osapuma amayamba kufa, ndipo diazepam, mankhwala oletsa kuphiriphitha, amagwira bwino akaperekedwa msanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati odwala khunyu mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Kuchepetsa kapena kusiya mankhwalawo n'kwa dokotala, ndipo kumachitika pang'onopang'ono, kawirikawiri patatha zaka 2 munthu osagwa.