Ku England lamulo silikakamiza mwana kupita kusukulu

Amalawi ambiri okhala ku England amakhulupirira kuti mwana akapanda kupita kusukulu ndiye kuti kholo laphwanya lamulo. Si choncho kwenikweni. Ndime 7 ya lamulo la zamaphunziro lotchedwa Education Act la 1996 imakakamiza kholo kuonetsetsa kuti mwana wazaka 5 mpaka 16 akulandira maphunziro okwanira, oyenerana ndi msinkhu wake ndi nzeru zake, kaya kusukulu kaya mwanjira ina. Chokakamizidwa ndi kuphunzira, osati kukhala m'kalasi.

Vuto limabwera pamene mwana walembedwa kale m'kaundula wa sukulu. Akamajomba popanda chilolezo, kholo lililonse lingalipitsidwe £80, ndipo ndalamayi ikapanda kulipidwa m'masiku 21 imafika £160. Tsono ofuna kuphunzitsa mwana kunyumba alembere mphunzitsi wamkulu kalata yomuchotsa m'kaundula, osangosiya kumutumiza. Ngati mwana ali pasukulu ya ana ofunika chithandizo chapadera komwe anamuika ndi khonsolo, khonsoloyo iyambe yavomera. Ku Scotland malamulo ake ndi ena.

Kunyumbako simukakamizidwa kutsata silabasi ya boma, mwana atha kutsatira zimene zamukoka mtima. Koma khonsolo ikaona kuti palibe chikuphunziridwa, ikhoza kulamula kuti abwerere kusukulu.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa mayeso a GCSE, omwe ana amalemba akafika zaka pafupifupi 16. Kholo limadzifunira lokha malo olembera n'kulipira phunziro lililonse, ndipo pa maphunziro ofuna ntchito yamanja monga zojambulajambula, malo ambiri salandira ana ophunzirira kunyumba. Yambani kufunsa mwana ali ndi zaka 14.