Thalauza la mayi linali mlandu: kumene mkangano wa jenda ukuchokera

Wina akangoika pa Facebook chithunzi cha mtsikana atavala thalauza lothina, kapena kanema wa mayi akukuwizidwa pa depoti, anthu amagawikana nthawi yomweyo. Ena amati za jendazi zationongera ana, n'zobwera ndi azungu ndi mabungwe awo, ife chikhalidwe chathu n'chitenje. Ena amayankha kuti thupi ndi la mwini wake. Ndiye pamatulukira gulu lachitatu, louza amayi ophunzira a m'tauni kuti akhale chete poti za mayi wa kumudzi sakuzidziwa, angofuna ndalama za mabungwe. Ambiri mwa olemba zimenezi anabadwa 1994 itadutsa. Sanaonepo mayi akutsitsidwa m'basi chifukwa cha chimene wavala, ndipo n'chifukwa chake amakamba nkhaniyi ngati yayamba ndi foni.

M'chaka cha 1973, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act. Lamuloli linaletsa amayi kuvala thalauza, kabudula, ndiponso siketi kapena diresi yosaphimba mawondo pamalo poonekera anthu. Amuna nawo anali ndi lamulo lawo: tsitsi lalitali linaletsedwa, ndipo alendo ena ankametedwa pachipata cholowera m'dziko. Mzimayi wochokera kunja akatsika ndege pa Chileka atavala thalauza, ankauzidwa kuti asinthe kapena amange chitenje asanapitirire ulendo. Amene ankaonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa sanali apolisi okha. Anyamata a Youth League ndi a Payoniya, omwe aja ankaima pachipata cha msika n'kumafunsa khadi la chipani, ankayang'ananso miyendo ya amayi. Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa apa m'pamene mnyamata wamba anaphunzira kuti ali ndi mphamvu yoimitsa mayi amene sakumudziwa, msinkhu wa mayi ake omubereka, n'kumuweruza kavalidwe pagulu. Mphamvu imeneyi sanaitenge kwa agogo ake. Anapatsidwa ndi boma.

Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko muno anali mbumba yake. Anatenga mwambo weniweni wa Achewa, woti mwamuna amasamala alongo ake ndi ana awo, n'kuukulitsa kuti ukwane dziko lonse. Kunena zoona, amayi ena anapindula: mwamuna womenya mkazi ankadziwa kuti nkhani ikafika ku chipani aona zakuda, ndipo atsogoleri ena a amayi anamangiridwa nyumba, ena anakwera ndege kukaona maiko akunja. Koma mtengo wake unali wotani? Amayi ankatengedwa pa malole kukavina kulikonse kumene Ngwazi ikupita, atavala nsalu ya nkhope yake, kusiya ana, munda ndi ntchito. Kukana kunalibe. Ulemu umene mayi ankalandira unali wa munthu wosungidwa, woti wina amuuze chovala, nyimbo ndi poima.

Nanga chitenjecho, chomwe timati ndiye chikhalidwe chathu? N'chathu ndithu, ndipo palibe mayi wa Chimalawi amene angachinyoze: chimabereka mwana, chimafunda wodwala, chimayalidwa pamaliro. Koma makolo athu akale ankavala nyanda yosula ku khungwa la mtengo ndi zikopa, ndipo Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaluka nsalu zawo za thonje azungu asanafike. Nsalu za m'mafakitale zinabwera ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, kenaka masitolo a amwenye ndi a Mandala, ndipo dziko litalandira ufulu zitenje zambiri zinkadindidwa pa fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Diresi lofika m'akakolo ndi bulauzi ya manja zinadza ndi amishoni. Tinalandira zonsezi, tinazisandutsa zathu. Choncho wonena kuti thalauza n'lachilendo akunena zoona, koma malaya ndi jekete zimene wavala iye mwini pamene akulemba zimenezo n'zachilendonso, ndipo palibe anamuvulapo pamsewu.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa mawu akuti "izi n'zobwera" n'chakuti amafufuta amayi athu amene anavutikira dziko lino. Mayi Rose Chibambo, wobadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928, anayamba kusonkhanitsa amayi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, kulibe bungwe la kunja lowapatsa alawansi. Mu 1959 atsamunda anawamanga ali ndi khanda longobadwa kumene, n'kupita nalo kundende. Iwo ndiwo anakhala mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna. Koma nduna zitasemphana maganizo ndi Kamuzu mu 1964, Mayi Chibambo anachotsedwa, anathawira ku Zambia, ndipo anakhala kumeneko pafupifupi zaka 30. Lero nkhope yawo ili pa ndalama ya K200, yomwe timapatsirana tsiku ndi tsiku pogula tomato. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton kumapeto kwa 1981, anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo anatuluka m'ndende mu Januwale 1993, amuna awo atamwalirira ku ndende ya Zomba miyezi yochepa m'mbuyomo. Dziko lomwe linkati likulemekeza mbumba ndi lomwelo linkachita zimenezi kwa mayi aliyense woyankhula zakukhosi.

Lamulo la zovala linathetsedwa pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkagwa, pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulo aakulu atsopano a dziko analetsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'gawo 20, ndipo gawo 24 linalembedwa la amayi enieni: ufulu wokhala ndi katundu, wolera ana, wotetezedwa ku miyambo yowapondereza. Papepala nkhani inatha. Mumsewu siinathe. Amayi oyamba kuvala mathalauza m'tauni ankakuwizidwa, ena kutchedwa mahule, ndipo m'mipingo ina ndime ya Deuteronomo 22:5 inalowa m'malo mwa lamulo la boma.

Zinafika poipa mu Januwale 2012. Nthawiyo dziko linali pamoto: mafuta a galimoto kulibe, ndalama zakunja kulibe, anthu 20 anali ataphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011, ndipo mavenda a mu Lilongwe anali atangolimbana ndi apolisi pa nkhani yowachotsa m'misewu. M'masiku amenewo magulu a anyamata anayamba kugwira amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi mu Lilongwe, kuwamenya ndi kuwavula anthu akuonerera. Zinafalikira ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Kunamveka mphekesera yoti a Pulezidenti ndiwo alamula, mpaka Bingu wa Mutharika anayankhula pa wayilesi kukana, nati amayi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Atsogoleri a mavenda anati ochita zimenezo si anthu awo, ndi zigawenga chabe. Pa 20 Januwale amayi ambirimbiri, pamodzi ndi abambo ena ndi atsogoleri a mipingo, anasonkhana mu Blantyre, ambiri atavala mathalauza mwadala. Funso lawo kwa mavenda linali lachidule: lero ndikugule, mawa undivule? Mayi Joyce Banda, omwe anali wachiwiri kwa Pulezidenti, analipo. Pasanathe miyezi itatu, pa 7 Epulo, anakhala Pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino.

Tsopano tiyeni tione amene anavulidwa, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yomwe anthu amaponyerana pa intaneti, yoti amuna ali ndi mwayi kuposa amayi. Mayi woyenda pa galimoto yake kuchoka ku Area 47 kupita ku ofesi ku City Centre sanakhudzidwe. Wovulidwa anali wodutsa pa depoti wapansi: wogwira ntchito m'sitolo, wophunzira wa kukoleji, mtsikana wokwera minibasi ya ku Kawale kapena ku Area 25. Mpaka lero mukatsegula chikwama cha amayi ambiri oyenda pa minibasi mupeza chitenje chopindidwa bwino pansi pa foni ndi kachikwama ka ndalama. Ntchito yake ndi ya maliro odzidzimutsa kapena kukaonekera kwa apongozi, inde, komanso ndi ya pamalo ena m'tauni pamene mayi amadziwa kuti akapanda kukulunga m'chiuno amva mawu oti sangawabwereze kwa ana ake. Amaima pakona, amamanga, amadutsa, akafika kutsidya amamasula. Mwamuna sayenda ndi chovala chapadera choti adutsire pa depoti. Amene amafunsa kuti kodi mwayi wa amuna uli pati pamene tonse tikuvutika, ayambire pamenepo.

Komabe funso lawolo si lopusa, ndipo sindigwirizana ndi amene amaliyankha monyoza. Mnyamata wa kabaza amene wapalasa njinga tsiku lonse n'kupeza ya ufa wa usiku umodzi, mukamuuza kuti ali ndi mwayi kuposa mayi wa digiri wolandira malipiro a bungwe, aseka, ndipo ali ndi chifukwa. Pa ndalama, pa sukulu, pa chipatala chimene angapite, mayiyo ali patsogolo kutalitali. N'zoonanso kuti Amalawi oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumidzi, kuti ogula bandulo n'kumakangana pa Facebook ndi ochepa, ndipo zambiri za jenda zimakambidwa m'Chingerezi m'mahotela a kunyanja. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene nkhawa yake ndi munda umene achibale a malemu amuna ake akufuna kulanda sapezeka m'makanganowo. Koma umphawi wa mnyamata uja suchotsa mfundo yoti akakwiyira boma, mkwiyo wake ukhoza kutsikira pa mayi wodutsa, monga zinachitikira mu 2012. Awiriwa aliyense ali ndi pamene wapambana mnzake, ndipo kukangana kuti wovutika kwambiri ndani sikunachotsepo vuto la aliyense.

Zimene amayi "a m'tauni" aja anamenyera zinafika kumudzi ndithu, ngakhale mochedwa. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja linadza mu 2006. La chuma cha masiye, loletsa kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana, mu 2011. La Gender Equality Act mu 2013, lomwe limaletsa kuzunza munthu pofuna kugonana naye kuntchito ndi miyambo yoika amayi pachiswe, n'kunenanso kuti polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 ndipo asachepere 40. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Amene anagwira lamuloli ndi manja awiri sanali wa pa intaneti ayi: anali Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa mafumu aang'ono owavomereza. Ku Nyumba ya Malamulo zinthu zayenda mokwera ndi kutsika. Amayi anapitirira 40 mwa aphungu 193 mu 2009, anatsika kufika 32 mu 2014, chaka chomwe Mayi Banda analuza, ndipo pa kampeni ya chaka chimenecho ambiri tinamva anthu akunena poyera kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo.

Pali nkhani ina yomwe onena kuti amayi amadziputira okha ndi kavalidwe safuna kuikumbuka. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa chipolowe cha pa Msundwe, apolisi ena analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu kumadzulo kwa Lilongwe. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, la Malawi Human Rights Commission, litafufuza linapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Awa anali amayi a kumudzi, ali m'nyumba zawo ndi m'timasitolo tawo, ena ana awo akuona. Amene anatengera nkhaniyi kukhoti anali maloya aakazi a bungwe la Women Lawyers Association, omwewo amene amanenedwa kuti sadziwa za kumudzi. Mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu ku Lilongwe, kudzera mwa Jaji Kenyatta Nyirenda, linagamula kuti amayi 18 alandire chipukuta misozi kuchokera ku boma, ndipo linadzudzula akuluakulu a polisi chifukwa cholephera kufufuza anthu awo.